Ndani Angamuuze Kuti Walakwa? Mafunso ndi Mayankho pa za Utsogoleri

Chisankho chikayandikira, kaya ndi cha pulezidenti, cha wapampando wa komiti ya sukulu kapena cha mkulu wa mpingo, timamva mawu omwewo: akhale woopa Mulungu, wamasomphenya, wokonda anthu, wophunzira. Palibe angatsutse zimenezi. Chovuta n'chakuti ngakhale atsogoleri amene adatiliza m'dziko muno adalowa pampando tikuwanenera zomwezi, nthungululu zili m'mwamba. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amafunsana pamaliro, m'minibasi ndi pa mapulogalamu oimba foni a pawailesi. Ndawayankha poyang'ana zimene zidachitikadi kwathu kuno kuyambira mu 1964.

Pa makhalidwe onse amene anthu amatchula, lalikulu ndi liti?

Kwa ine ndi ili: mtsogoleri akhale munthu wouzika. Pakhale anthu amene angamuyang'ane m'maso n'kumuuza kuti apa bwana mwalakwa, mawa lake n'kudzuka ali moyo, ali pantchito yawo, ndipo akuitanidwabe kumsonkhano.

Makolo adaziona kalekale zimenezi. Kwa Achewa munthu sadzilonga yekha ufumu. Mfumu ikagona, amayi a mbumba ndi amene amakhala pansi n'kuyamba kuunika ana a alongo ake a malemuyo mmodzimmodzi: uyu ngwaukali, uyu mowa udamulowa m'mafupa, uyu ngwomana, uyu amadziwa kulandira alendo. Wosankhidwayo asanaonekere pabwalo amamulowetsa m'nyumba, ndipo akuluakulu pamodzi ndi mafumu anzake amachezera kumupatsa mwambo. Amamukumbutsa zofooka zake zonse zimene akhala akuziona kuyambira ali mnyamata, iye ali chete, mutu uli pansi. Ufumu wake umayamba ndi usiku womva zowawa, chisangalalo chimabwera kutacha.

Pabwalo la milandu n'chimodzimodzi. Mfumu yodziwa ntchito yake siyamba ndiyo kulankhula. Wodandaula amafotokoza, woyankha mlandu amafotokoza, ankhoswe amaikapo mawu, nduna zimafunsa uku ndi uku mpaka wabodza adzikola yekha. Amfumu amalankhula pomaliza, ndipo kawirikawiri chigamulo chawo chimangomanga mfundo imene bwalo lafikapo kale. N'chifukwa chake wogonja pamlandu amapita kwawo akung'ung'udza koma nkhuku ya chindapusa amabweretsa, poti adaona kuti mawu ake adamveka. Mutu umodzi susenza denga, ndipo m'midzi yambiri mawu amenewa ndi ndondomeko yeniyeni ya kaweruzidwe.

Sindikunena kuti mafumu onse amatero. Tikudziwa mafumu amene amagulitsa malo a ana amasiye, amene amalemba abale awo okha pa mndandanda wa zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Koma tikawaona timadziwa kuti apotoka, chifukwa muyezo tili nawo.

Anthu ambiri amati Malawi amafuna munthu wa dzanja lolemera ngati Kamuzu. Si zoona kodi?

Amene amanena zimenezi ali ndi pogwira. Mu ulamuliro wa Dr Hastings Kamuzu Banda, University of Malawi idalandira ophunzira oyamba mu 1965, likulu la dziko lidasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, misewu ya phula idafika kumene kudali njira za ngolo, ndipo mlangizi wa zaulimi ankafika m'munda ndithu. Wogwira ntchito m'boma ankaopa kufika mochedwa pa ofesi. Zimenezi sitingazifufute.

Koma tiyeni tibwerere ku Ogasiti 1964, patangotha milungu 7 dziko litalandira ufulu wodzilamulira. Nduna zake, zina mwa izo anyamata omwe aja adamuitana kuti abwere kwawo mu 1958 n'kumulengeza mudzi ndi mudzi, zidamuuza zimene anthu ankadandaula. Boma lidaika tiki yolipira kuchipatala, pamene anthu ankayembekeza kuti ufulu wabwera kudzawapepuza. Maudindo akuluakulu m'boma adali akadali m'manja mwa azungu. Ogwira ntchito m'boma achikuda sadakondwe ndi lipoti la Skinner lokhudza malipiro awo. Ndunazo zidadandaulanso za ubwenzi wake ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, komanso zidatopa kutchedwa anyamata ake pamaso pa anthu.

Pa 7 Seputembala Kamuzu adachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo. Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani adatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo, ndipo Henry Masauko Chipembere atabwerako ku Canada adachita chimodzimodzi. Ambiri adathawira kunja. Chisiza adaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi zida, Chipembere adamwalira ku America mu 1975, ndipo Orton Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Otsalawo adaphunzirapo kutseka pakamwa. Taganizirani ngodya zinayi zimene ana asukulu ankaloweza: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Zonse zinayi zinkauza wolamulidwa chochita. Padalibe ngodya ndi imodzi yomwe yonena kuti wolamulayo naye azitchera khutu. Mu 1971 Kamuzu adakhala pulezidenti wamuyaya. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa m'boma la Mwanza, boma n'kunena kuti ndi ngozi ya galimoto. Kafukufuku amene adachitika ulamuliro utasintha adapeza kuti adachita kuphedwa. Khoti lidapeza Kamuzu wosalakwa pa mlanduwu mu 1995, komabe funso limatsala: ndi dziko lotani limene nduna zitatu zingafe chonchi, Nyumba ya Malamulo yonse n'kukhala duu?

Pa 14 Juni 1993 anthu adafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda ndi nyali. Anthu 63 pa 100 alionse adasankha nyali, kutanthauza zipani zambiri. Munthu amene kwa zaka 29 adangomva nyimbo zomutamanda adadzamvera m'bokosi la mavoti zimene nduna zake zikadamuuza kwaulere. Misewu ndi sukulu zija zikadamangidwabe popanda kutsekera anthu kundende ya Mikuyu. Dzanja lolemera silidawonjezere njerwa ngakhale imodzi, lidangochotsa anthu amene akadathandiza kumanga.

Nanga maphunziro? Mtsogoleri asakhale wophunzira?

Akhale wophunzira ndithu. Bajeti ya dziko, ngongole za kunja ndi mapangano a migodi si zinthu zongolotera. Ngakhale wapampando wa kopaletivi ya alimi a mtedza ayenera kudziwa kuwerenga sikelo ndi buku la ndalama, apo ayi mavenda amudyera masuku pamutu pamodzi ndi mamembala ake onse.

Koma pa atsogoleri a dziko, Malawi sadasowepo ophunzira. Kamuzu adaphunzira udokotala ku Meharry Medical College ku America ndi ku Edinburgh. Bingu wa Mutharika adali katswiri wa zachuma amene adatsogolerapo bungwe la COMESA. Maphunziro adawathandiza kuona patali, koma pena adawapatsanso mtima woti m'chipindamo mulibe wina wowaposa nzeru. Ophunzira amene ndimawakhulupirira ndi amene amati akafika pa nkhani ya usodzi ku Nkhata Bay kapena ya mpunga ku Karonga, amayamba afunsa msodzi ndi mlimi.

Ena amayamba bwino kenako n'kusintha. Chimawasintha n'chiyani?

Nkhani ya Bingu ndiyo imayankha bwino funso limeneli, chifukwa ambiri tidaiona ndi maso. Adalowa m'boma mu 2004, ndipo mu 2005 adachoka m'chipani cha UDF n'kuyambitsa DPP. Zaka zonse zisanu zoyambirira adalamulira ali ndi aphungu ochepa m'Nyumba ya Malamulo. Bajeti iliyonse inkadutsa movutikira, otsutsa ankamupanikiza ndi Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko, ena ankafuna kumuchotsa pampando. Mu nthawi yovutayo ndi mmene adachita zimene anthu amamukumbukira nazo. Njala ya 2005 itasautsa anthu mamiliyoni, adayambitsa makuponi a feteleza ndi mbewu ngakhale mayiko ena othandiza ankakayikira. Mvula idagwanso bwino, nkhokwe zidadzaza, ndipo mu 2007 Malawi adagulitsa chimanga ku Zimbabwe.

Mu 2009 adapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, chipani chake n'kudzaza Nyumba ya Malamulo. Kuyambira pamenepo padalibenso womukakamiza kukambirana ndi wina aliyense. Mu 2010 mbendera ya dziko idasinthidwa anthu ambiri akukana. Chaka chomwecho wachiwiri wake, mayi Joyce Banda, adachotsedwa m'chipani. Mu Febuluwale 2011 mphunzitsi wa ku Chancellor College, Blessings Chinsinga, adaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chimene adapereka m'kalasi, ndipo sukuluyo idakhala miyezi yambiri osaphunzitsa. Mu Epulo kazembe wa Britain, Fergus Cochrane-Dyet, adathamangitsidwa kalata yake yachinsinsi itaululika, mmene adalemba kuti pulezidenti sakufunanso kudzudzulidwa. Mafuta a galimoto adasowa, madalaivala ankagona pamizere, ndalama zakunja zidauma. Pa zionetsero zimene zidayamba pa 20 Julayi 2011 anthu 20 adaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu.

Munthu adali yemweyo, nzeru zake zomwezo. Chimene chidachoka ndi anthu omukaniza. Amene adamuzungulira adaona kuti ntchito imasungika ndi kuwomba m'manja, ndipo adawombadi. N'chifukwa chake ndimakayikira tikamati tipeze munthu wamtima wabwino basi. Mtima wabwino umafunika otchinga m'mbali: Nyumba ya Malamulo yamphamvu, makhoti oima paokha, atolankhani osaopa, ndi anzake enieni awiri kapena atatu amene sadyera pa iye. Mtsogoleri wanzeru amasunga otchingawo mwadala ngakhale ali ndi mphamvu zowachotsa.

Ngati mtsogoleri azimva za anthu, nanga anthuwo akamafuna zolakwika? Sangangokhala wotsatira gulu?

Kutchera khutu sikutanthauza kuvomera zonse. Chitsanzo chimene chimandigwira mtima n'cha malemu Inkosi Kachindamoto ya ku Mtakataka m'boma la Dedza. Mayi Theresa Kachindamoto adagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27. Adali chitsirizira m'banja la ana 12 ndipo ufumu sankauyembekeza, koma mu 2003 akuluakulu adawaitana kuti abwere kumudzi adzavale nduwira.

Atayamba kuyendera midzi yawo adapeza ana a zaka 12 atabereka ana anzawo kumsana, amuna awo ali anyamata osamera ndevu kapena madoda a msinkhu wa bambo awo. Kwa anthu ambiri a m'deramo zimenezi sizidali zachilendo. Akadafunsa kuti akweze manja amene akufuna mwambowu uthe, mwina akadagonja.

Taonani mmene adachitira. Sadangoima pachulu n'kulamula. Adayenda khomo ndi khomo, adakhala pansi ndi makolo, anamkungwi, atsogoleri a mipingo ndi magulu a amayi. Adasonkhanitsa mafumu 50 a pansi pawo n'kuwasainitsa pangano lothetsa maukwati a ana m'midzi yawo. Mafumu anayi atapitiriza kuloleza maukwatiwa adawaimitsa paudindo, ndipo adawabwezera pokhapokha atatsimikiza kuti maukwatiwo atha ndipo ana abwerera kusukulu. Adaletsanso mwambo wa kusasa fumbi. Adaika amayi ndi abambo ena m'midzi oti aziwatsina khutu mwakachetechete mwana akasowa kusukulu. Pofika mu 2016 nkhani zidamveka dziko lonse lapansi kuti athetsa maukwati a ana oposa 850 m'zaka zitatu. Ena adawaopseza kuti awapha, koma iwo sadabwerere m'mbuyo.

Mbali imene anthu saikamba kwambiri ndi iyi. Makolo okana aja adali ndi funso lenileni: mwanayu mwamuchotsa kubanja, pakhomo pano adya chiyani, fizi alipira ndani? Mtsogoleri wongolamula akadati makolowa ndi mbuli. Inkosi Kachindamoto idamva kuti pansi pa mwambowo pagona umphawi, n'chifukwa chake idayamba kusakasaka fizi, pena kuchotsa m'thumba mwake, pena kupempha kwa akufuna kwabwino. Idakana zimene makolo ankachita, koma idamva chimene chinkawachititsa. Popanda kumva kumeneko anawo akadabwerera kwa amuna awo amfumu akangotembenuka.

Lamulo la dziko lidatsatira pambuyo. Mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kutseka mpata umene unkalola ana a zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Inkosi Kachindamoto idamwalira mu 2025.

Timati tikufuna mtsogoleri wosaba. Tingamudziwe bwanji poti aliyense amalumbira kuti ngwokhulupirika?

Musamve kulumbira kwake, onani ngati amalola kuwerengeredwa. Pitani mukaone amayi a banki m'khonde tsiku la msonkhano. Bokosi lachitsulo limabwera lili ndi maloko atatu. Makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Limatsekulidwa pakati pa bwalo aliyense akuona. Owerenga ndalama amazithira pa chitenje n'kuwerenga mokweza, mlembi amadinda masheya m'kabuku ka membala aliyense mwini wake akuyang'ana, ndipo asanabalalike gulu lonse limatchula ndalama zimene zatsala m'bokosi kuti sabata yamawa pasadzakhale mkangano. Wapampando wa gulu lotere sakwiya kuti mukundiyesa wakuba. Amadziwa kuti malokowo akuteteza dzina lake lomwe.

Ku Capital Hill maloko otere adalipo papepala. Mu Seputembala 2013 mkulu woona za bajeti, Paul Mphwiyo, adaomberedwa pachipata cha nyumba yake ku Lilongwe, ndipo m'masabata otsatira apolisi adayamba kupeza ndalama zankhaninkhani m'mabuti a galimoto ndi m'nyumba za ogwira ntchito m'boma. Njira yake idali yosavuta: kulipira makampani amene sadagulitse kanthu ku boma, kenako kufufuta umboni mu kompyuta. Ofufuza a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasowa m'miyezi 6 yokha. Mayiko othandiza adaimitsa thandizo lawo la ku bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi mayi wodwala amene adauzidwa kuchipatala kuti akagule yekha mankhwala. Izi zidachitika mu ulamuliro wa mayi Joyce Banda, amene adachotsa nduna zonse mu Okutobala chaka chomwecho n'kulola ofufuza akunja kulowa m'mabuku a boma. Koma kubako sikudayambe ndi boma lawo, ndipo sikudathe nalo.

Malamulo tili nawo. Lilipo la 2013 lokakamiza akuluakulu a boma kuulula chuma chawo, ndipo lilipo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga wa boma limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020. Mtsogoleri wokhulupirika ndi amene amapereka mabuku asanafunsidwe, ndipo bungwe lolimbana ndi ziphuphu la ACB likagogoda pakhomo la mnzake wapamtima kapena mlamu wake, iye satenga foni kuimbira aliyense.

Koma kwathu kuno mtsogoleri wosapatsa savoteredwa. Kupatsa si khalidwe labwino kodi?

Kupatsa n'kwabwino, ndipo mfumu yomana sitiifuna. Koma tasokoneza zinthu ziwiri. Phungu tamusandutsa wogula mabokosi a maliro, wonyamula odwala pa galimoto yake, wogawa zitenje ndi ma K2,000 pamsonkhano. Ntchito imene tidamutuma, yopanga malamulo ndi kulondoloza ndalama za boma kuti ambulansi ya pachipatala ikhale ndi mafuta, palibe amamufunsa. Ndalama zogawazo amazitenga kuti? Malipiro ake sangakwanire maliro onse a dera lonse. Mapeto ake amakasuzumira m'thumba la chitukuko cha dera, mlatho umene udayenera kukhala wa simenti n'kukhala wa mitengo.

Choopsa china n'chakuti amene walandira satha kudzudzula. Pakamwa pamene padutsa nsima ya bwana sipatuluka mawu oti bwana mwalakwa. Lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti, koma aliyense amene adapitako kumsonkhano wa kampeni akudziwa mmene likutsatidwira. Wopatsa weniweni ndi amene amakusiyani muli ndi mjigo wogwira ntchito ndi ufulu womukana pa chisankho chikubwerachi.

Kulimba mtima kuli pati pamenepa?

Kulipo, koma kawirikawiri timakuyang'ana kolakwika. Timayesa kuti wolimba mtima ndi amene amabangula pa nsanja. M'mbiri yathu, kulimba mtima kumene kudasintha zinthu kudachokera kwa anthu amene adakana kuchita chimene wamphamvu ankafuna, akudziwa bwino chimene chingawaonekere.

Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi onse a mpingowo. Idanena zimene aliyense ankadziwa koma osazitchula: malipiro ochepa, sukulu zodzaza, kusiyana kwa olemera ndi osauka, anthu otsekeredwa popanda mlandu, mantha olankhula. Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake adaitanidwa kupolisi, kalatayo idaletsedwa, ndipo Monsinyolo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko. Pa 6 Epulo Chakufwa Chihana adatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amangidwa, ndipo adamangidwadi pabwalo la ndege pomwepo.

Mu Epulo 2012 Bingu atamwalira mwadzidzidzi, nduna zina zidayesa kutchinga mayi Joyce Banda kuti asalowe pampando. Mkulu wa asilikali, General Henry Odillo, adaima pa malamulo a dziko, ndipo pa 7 Epulo mayiwo adalumbiritsidwa popanda mfuti kulira.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Mike Tembo, adafika kukhoti ku Lilongwe moperekezedwa ndi asilikali. Adawerenga chigamulo chawo tsiku lonse mpaka usiku, n'kuthetsa chisankho cha pulezidenti cha Meyi 2019 chimene mapepala ake ambiri adapakidwa Tipp-Ex. Mlanduwo uli mkati padali anthu ofuna kuwapatsa ziphuphu, ndipo nkhaniyo idakatulidwa ku ACB. Palibe mmodzi mwa anthu onsewa amene adali pulezidenti. Aliyense adatsogolera kuchokera pa mpando umene adali, ndipo dziko lidapulumukira pa iwo.

N'chifukwa chiyani mumaika mtima kwambiri pa kuchoka pampando?

Chifukwa kugonja pa chisankho ndiko kudzudzulidwa kwakukulu kumene mtsogoleri angalandire. Ndi tsiku limene dziko lonse limamuuza kuti basi, pumani. Mmene amalandirira mawu amenewo ndi mmene timadziwira ngati ankakhulupiriradi kuti mpandowo ngwa anthu. Gawo 12 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti olamulira amangosungira anthu mphamvuzo, ndipo amazigwira pokhapokha anthuwo akuwakhulupirirabe.

Apa Kamuzu tiyenera kumupatsa ulemu wake. Pa chisankho cha 17 Meyi 1994 adalankhula pa wailesi kuvomera kuti Bakili Muluzi wapambana, kuwerenga mavoti kusanathe n'komwe. Akadakana, magazi akadakhetsedwa. Kenneth Kaunda adachita chimodzimodzi ku Zambia mu 1991 atalamulira zaka 27. Muluzi yemweyo, amene adalowa ngati mtsogoleri wa demokalase, adafuna kusintha malamulo kuti aimenso atatha zaka zake 10. Pa 4 Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu idapeza mavoti 125 pamene inkafunika 128. Mavoti atatu okha ndi amene adatitchinjiriza. Mu Seputembala 2025 Lazarus Chakwera adavomera kugonja kwa Peter Mutharika zotsatira zonse zisanalengezedwe, ngakhale chipani chake chidali ndi madandaulo.

Chimene chikutivutabe ndi m'zipani. Pafupifupi chipani chilichonse chachikulu m'dziko muno chidagawikapo pa nkhani ya wolowa m'malo, ndipo kuyambira mu 2004 takhala tikuona pulezidenti ndi wachiwiri wake akusemphana mpaka osalankhulana. Mtsogoleri amene amaona wachinyamata waluso ngati mdani amasiya bwinja tsiku limene wachoka. Izi zili m'mipingo momwe, m'mabungwe omwe si aboma, ngakhale m'makwaya: woyambitsa safuna kuphunzitsa wina kusunga mabuku, ndiye akadwala zonse zimaima.

Tisanamusankhe munthu, tingaone chiyani poti zonsezi zimaoneka atakhala kale pampando?

Zambiri zimaoneka kale, kungoti sitifunsa. Palibe amene amayambira pa upulezidenti kapena uphungu. Adakhalapo mphunzitsi wamkulu, mkulu wa kampani, msungichuma wa mpingo, wapampando wa komiti ya mjigo. Pitani kumeneko. Funsani amene adagwira ntchito pansi pake, makamaka amene adasiyana naye, kuti chidawachotsa n'chiyani. Funsani ngati adasiya mabuku a ndalama ali bwino, ndiponso ngati adachoka nthawi yake itakwana kapena adachita kumukoka.

Pamsonkhano wa kampeni muyang'aneni pamene wina wafunsa funso lomuchititsa manyazi. Ena amayankha, ena amaseka n'kulambalala, ena amayang'ana anyamata awo ndipo wofunsayo amatulutsidwa. Onaninso amene amayenda naye. Ngati onse ndi abale ake, a kwawo, kapena anthu amene alibe pena podyera kupatula pa iye, dziwani kuti m'galimoto imeneyo mulibe womuuza zoona.

Ndipo mukakhala ndi mpata womufunsa nokha, musamufunse zimene adzachite, poti yankho lake adaloweza kale. Mufunseni kuti atchule chinthu chimodzi chimene adasintha maganizo chifukwa munthu wa pansi pake adamutsutsa, atchulenso kumene munthuyo ali lero.